Pagolo Paima Wina

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Chia tilipo. Madzi chaka chino anakwera mpaka pa mango a kumunsi aja, koma mpunga unapulumuka, tamweta bwino ndithu. Chinangwa cha m'mphepete ndiye chinaolera pansi. Alamu anga a Mariamu, akazi a achimwene a Yusufu, anachira mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Tsopano dzina lanu limamveka tsiku lonse kuseri kwa mpanda, ine n'kumatembenuka ngati wopusa. M'nyumba mwanu ndimagona ndekha. Ndimaphikabe za anthu awiri, zotsala n'kumwazira abakha.

Koma chimene ndakhalira pansi si chimenechi. Ndi nkhani ya handibo, mpira wathu uja woponyera m'golo ndi manja, umene anthu a kuno amausokonezabe ndi netibo. Inu munandibisira imfa yanu kuti ndikafike ku mpikisano waukulu wa maiko a mu Africa. Ndiye muyenera kumva kwa ine mwini mmene zathera.

Mukukumbuka tsiku limene ndinakufotokozerani za mpikisanowu, mukusenda chinangwa pakhonde? Ndinati kumeneko timu ya dziko siingodzuka n'kupitako. Maiko oyandikana amayamba akumana okhaokha m'chigawo chawo, lililonse kusewera ndi linzake. Limene latsala pamwamba ndilo limatenga malo, ena onse abwerere kwawo akadikire zaka zina. Ku mpikisano waukuluwo amakasefanso, ndipo ochepa okha ndi amene amapitirira kukakumana ndi dziko lonse lapansi. Dziko lolandira alendo lokha ndilo limalowa osatuluka thukuta. Apa munaseka mpaka mpeni kugwa. Munati, "Nanga ophika angawabweze pakhomo?" Kenako munandiyang'ana n'kufunsa, "Ndiye akupeteni kangati, mwanangu, kuti akhulupirire kuti ndinu mpunga?"

Wapagolo ameneyu munamupanga ndinu. Mkono wanu uja, umene unkagwetsa mpheta ndi zibuma m'munda wa mpunga, ndi umene unandiphunzitsa kutchinga. Tikaweruka kumunda mumandiimika pakati pa mapapaya awiri, chitenje mutamanga m'chiuno, n'kumandigenda ndi mpira popanda chisoni. Ndikatsinzina mumakuwa kuti, "Tsegula maso iwe, nkhope si dzira!" Anthu odutsa ankati mayi ameneyu mwana wake wamulakwira chiyani.

Tsiku lonyamuka kupita ku masewero a m'chigawo munkatsokomola. Munati ndi chimfine cha fumbi la mpunga, ndipo ndinakhulupirira. Tinadutsa malire a dziko, tinasewera, tinapambana, tinapambananso. Pa masewero omaliza tinkatsogola ndi chigoli chimodzi chokha pamene anzathuwo anapatsidwa penate, nthawi itatsala pang'ono kutha. Ndinaima, maso tong'o, ndipo mpira unandimenya paphewa n'kutuluka kunja. Anzanga anandigwera, ena akulira. Malo tinatenga.

Thukuta lisanaume, akochi anandiitanira pambali n'kundipatsa foni. Anali achimwene. Anati anakuikani dzana. Anati munawagwira dzanja kuchipatala n'kuwalumbiritsa kuti, "Asamve mpaka amalize." Ife Asilamu maliro sitigoneka, ndikudziwa. Anakusambitsani ena, sanda anakuvekani ena. Pamene ndinkafika, mabenchi anali atabwezedwa kale kwa eni ake, pabwalo atasesa bwinobwino, ngati panalibe chachitika.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinakuuzeni pakhonde paja, chifukwa nanenso sindinkachiganizira. Malo amenewa si a osewera amene awapeza, ndi a dziko. Pakati pa kupambana m'chigawo ndi mpikisano weniweniwo pamadutsa miyezi yambiri, ndipo nthawi ikakwana akochi amasankhanso anthu mwatsopano. Za dzulo sizilowa m'bwalo.

Miyezi imeneyo ndinakhala kuno. Woponya zigoli akhoza kudzikonzekeretsa yekha, amangofuna mpira ndi khoma. Wapagolo sangathe, amafuna womugenda. A Mariamu anayesa ali ndi pakati, koma ankaponya ngati akundipatsira khanda, n'kufunsanso, "Sindinakupwetekeni, alamu?" Achimwene anangoti, "Mlongo, ine ndili ndi maukonde oti ndisoke." Ndinayamba kumenyetsa mpira kukhoma la nyumba yanu, koma mpira woponya wekha umaudziwiratu kobwerera, ndipo dothi linayamba kugumuka. Ndinasiya. Ndinkangoima pakati pa mapapaya paja, manja m'mwamba, mpaka ndekha kudzimvera manyazi.

Mwezi watha anatiitana ku kampu ku Lilongwe. Apagolo tinalipo atatu, ofunika anali awiri. Mmodzi ndi mnzanga wakale. Winayo ndi mtsikana wochokera kumpoto, wamtali ngati mlongoti, amene pa nthawi ya masewero a m'chigawo anali akadali pasukulu. Ndinayesetsa kudana naye, Amayi, koma zinakanika. Amanditcha asisi, amandilandira chikwama, ndipo anandiuza kuti anayamba kuima pagolo atamva za penate yanga ija. Mipira imene ine ndinkaiona itadutsa kale, iye ankaigwira akuseka. Tsiku lomaliza akochi anandikhazika pansi. Anati, "Asiyatu, dziko likukuthokoza, koma manja ako achedwa." Ndinawathokoza, sindikudziwanso kuti ndinkathokoza chiyani.

Ndiye sindikupita, Amayi. Timu ikupita, pagolo pakaima mtsikana uja.

Nditatsika minibasi pa mlatho wa Chia, amayi ogulitsa nsomba aja anandizungulira. "Ndege mukwera liti, aunt athu a dziko?" Ndinati posachedwa, n'kugula nsomba imene sindinkaifuna. Mpaka lero palibe amene ndamuuza, ngakhale achimwene. Ndinafuna muyambe kumva ndinu, chifukwa amene munataya zambiri pa malo amenewa ndinu.

Ndikuuzeni zoona, ndakwiya nanu. Munasankha nokha, osandifunsa. Mwina munkaganiza kuti mukundisiyira chinthu choti ndigwire mukapita, koma chinthucho chandipulumuka, ndipo tsiku lanu lomaliza palibe angandibwezere. Manja achedwawa akanatha kukusambitsani. Komanso mukanandifunsa, masewero omaliza aja asanafike, sindikudziwa chimene ndikanayankha. Mwina inu munkadziwa, n'chifukwa chake simunafune kundiika pamenepo. Ndimakwiya, kenako ndimakusowani, ndipo palibe woti ndikangane naye.

Achimwene akambirana ndi ashehe za sadaka yanu ya chaka. Yagwera sabata yomweyo imene timu ikunyamuka. Dzulo achimwenewo anabwera pakhonde, chipewa chili m'manja, akudandaula kuti ndiphonyanso, n'kumafunsa ngati tingaisunthe. Ndinangoti ndiganize kaye. Mawa ndikawauza kuti asasunthe kanthu.

Ndikukulonjezani, Amayi, pa sadaka yanu ndidzakhalapo, kuyambira potsuka mpunga mpaka pokwecha miphika. Ulendo uno kulibe kondiitana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu