Kabokosi Kotsitsa Nthungululu

Amayi,

Kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo. Mlongo wanga Esinati wachira ku Kasinje, mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe ija. Chimanga chachita, koma thonje mbozi zatidyera.

Nkhani yaikulu ndi ya abambo. Chitisiyireni inu mawu awo akunka nachepa, ndipo zikundiopsa. Nyimbo za ngoma za m'Chingoni zija, pamudzi pathu atsala nazo ndi iwo okha. Ndinati ndizijambule asanakutsatireni nazo. Koma mukukumbukira mmene zinkathera kale: abambo akayamba motsitsa, inu n'kuponyapo nthungululu, kaseti yonse kuthetheka ngati wina akukazinga chimanga. Ndikadandaula munkati, "Iwe Lameki, nthungululu sanong'ona."

Tsono ndapanga kabokosi. Kumasitudiyo a m'tauni amati kompuresa, yawo ndi yogula kunja. Kanga ndi chitini cha mabisiketi ndi zam'kati mwa mawailesi akufa amene anthu anandisiyira pashopu ku Sharpevale. M'katimo muli kababu koyang'anizana ndi kadiso komva kuwala. Mawu akakwera kababu kamayaka, kadisoko n'kuwatsitsa, ndiye wofuula ndi wonong'ona amamveka onse. Zala ndawotcha, Amayi! Poyamba kankachedwa kugwira, kenako kakagwira osafunanso kusiya. Anyamata a chipani anandifikiranso, ati amva kuti ndikulankhula ndi akunja pakabokosiko. Ndinawaimbitsa nyimbo yawo, atadzimva okha anachoka akuseka, wina mpaka kupempha kaseti.

Loweruka ndinapita kumudzi, batire la galimoto ndamanga panjinga. Azakhali ndi amayi ena anakhala pamphasa. Ine ndi matama anga ndinati, "Lero lulutani mmene mungathere, palibe chiwonongeke." Abambo anatenga chishango, n'kuyamba. Mawu otopa aja analowa bwinobwino, mtima wanga pansi.

Atafika paja munkalowera inu, anaima. Amayi aja anangoyang'anizana. Paja abambo akamaimba, nthungululu yoyamba inali yanu, enawo ankangotsatira. Ine ndi mawaya angawa ndinali nditaiwala zimenezo. Palibe amene analuluta.

Kabokosi kanga kakamva zii, kamatsegula khutu lonse. Ndiye pakaseti, pamalo panu paja, pakumveka kupuma kwa abambo akudikira. Titamvera ndinalira, sindikubisirani. Ndinati ndifufute kuti tibwereze, iwo n'kundigwira dzanja. Anati, "Usakhudze. Pamenepo ndi pa mayi ako."

Ndakusowani, Amayi. Nyimbo zotsalazo tizijambula zonse mawu akadalipo, ndikulonjeza, ndipo m'nyimbo iliyonse malo anu tidzawasiya.

Ine mwana wanu wokukondani,
Lameki