Tsamba Limene Munati Ndisakhudze

Bambo, lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni. Amayi amawerenga zakazi ndi mvula, achimwene amaziwerenga ndi makalendala amene amapachika kuseri kwa kauntala, koma ine ndakhala ndikuziwerenga ndi masiku a Lachisanu. Ndine mwana wanu wamkazi, uja munkamutcha Namanzere chifukwa chogwira chilichonse ndi dzanja limene inu munkati ndi lolakwika. Banja landituma kuti ndilembe m'malo mwa tonse. Iwo amayembekezera timizere tochepa tokufunirani mpumulo wabwino, koma ine mtima suli m'malo. Pali nkhani ya ine ndi inu imene yakhalitsa pansi pa nsalu, ndipo lero ndiinena.

Chithunzi chili pamwambachi ndi chokhacho tili nacho chimene munavala jekete. Anthu akaona mukuyang'ana kumbali aziti munali munthu wamanyazi. Ife tikudziwa kuti munaona chikwangwani cha wojambulayo chili ndi zilembo zopendekeka, ndipo zinakuwawani mpaka kuiwala kamera. Munali otero inu. Kalata ya ukwati wa eniake munkaiwerenga ndi pensulo m'manja, ndipo Amayi mpaka lero amati kalata imene anakuyankhani pofunsira mbeta munaibweza itakonzedwa malo awiri.

Sitolo yanu ya mabuku ikadalipo, ndipo achimwene akuigwira bwino. Buku latsopano likabwera amachita monga munkachitira inu: amalitsegula pakati, kulinunkhiza, kenaka kuligwira chikuto n'kuligwedeza kuti aone ngati linasokedwa kapena linangopakidwa guluu. Likathothoka tsamba limodzi lokha, silikwera pa shelefu. Kungoti alibe lilime lanu. Inu munkatha kukana kugulitsa buku kwa munthu amene wabwera nalo kale pa kauntala, n'kumuuza kuti, “Ili si lanu, mulisiya pa tsamba lachitatu. Tengani ili.” Munthuyo ankachoka akung'ung'udza, koma sabata yotsatira ankabwera kudzafunsa lina. Ena mwa iwo amafikabe, ndipo akalowa amayamba ayang'ana pa kampando kanu asanapereke moni.

Chipinda chakumbuyo ndiye munandisiyira ine. Muli makina anu akale osindikizira, opalasa ndi phazi, ndi kabati ija ya madilowa osaya, momwe zilembo za mtovu zimagona, chilichonse m'kachipinda kake. Mmenemo munandiphunzitsa kutola chilembo chimodzichimodzi, kuchiimika pa mzere, kumanga mizereyo mu felemu yachitsulo, kupaka inki pang'ono ndi kudinda. Munkati mphepete mwa tsamba ndi khonde la nyumba, ndipo mawu asamathinane ngati anthu m'basi. Ndikafulumira munkandigwira mkono n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikalakwitsa simunkakalipa ayi. Munkangondibwezera pepalalo muli chizungulire cha pensulo pa cholakwacho, n'kunditsina khutu pang'ono, muli kuseka, amvekere, “Wakutsina khutu ndi mnansi, Namanzere.” Khutu langa lakumanja linadziwa ntchito yanu kuposa mutu wanga.

Zilembo zanu zabwino zija, zimene munkasungira mabuku okhaokha, n'zochepa. Zimakwana masamba anayi basi. Munthu amasanja masamba anayi, kuwadinda, kutsuka zilembozo, kuphwasula zonse ndi kuzibwezera m'madilowa, kenaka n'kuyamba anayi ena. Umu ndi mmene munkapangira buku la mnzanu uja wakale, amene tonse timawatcha a Zamitengo. Anagwira ntchito yoyang'anira nkhalango moyo wawo wonse, ndipo atapuma analemba buku la mitengo, maina ake, makungwa ake ndi nthawi imene imachita maluwa. Inu munasema zithunzi za masamba a mitengoyo pa timatabwa. Buku lake ndi la masamba makumi asanu ndi atatu. Makumi anayi munadinda, ali m'kabati atakulungidwa bwinobwino.

Loweruka lomaliza lija munandituma kukatenga mapepala kutsidya kwa tauni, ulendo umene nthawi zonse munkapita nokha chifukwa simunkakhulupirira zala za wina posankha pepala. Nditabwerako ndinapeza mwamanga kale masamba anayi otsatira mu felemu, mwafundika ndi nsalu. Munati, “Usakhudze, ndidzaona ndekha Lolemba.” Lamulungu masana munagwa pakhomo pa bafa, ndipo Lolemba linakupezani mulibe.

Kwa zaka zisanu ndakhala ndikubisala kuseri kwa mawu amenewa. Aliyense wofunsa za buku la a Zamitengo ndinkamuyankha kuti Bambo anati ndisakhudze. Anthu ankagwedeza mutu, ena mpaka kundiyamikira kuti ndine mwana womvera. Koma zoona zake n'zakuti ndinakhudza. Patangotha sabata chiikireni maliro ndinavundukula nsaluyo, ndinapaka inki, n'kudinda pepala limodzi loyesera. Masamba atatu oyamba anali inuyo ndithu, oyera ndi owongoka. Tsamba lachinayi ndinaliyang'ana kakasi. Mizere inali yotalikirana mosiyana, zilembo zisanu ndi ziwiri zinali chadodolido, mzere wina munausanja kawiri, ndipo pansi pa chithunzi cha mlombwa munaikapo dzina la mbawa. Inu amene munkaona chilembo chopendekeka muli kutsidya kwa msewu!

Ndinakhala pansi pasimenti. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene munanditumira kutali tsiku lija. Dzanja linali litayamba kukukanani, ndipo simunafune kuti ndione. Ndinakwiya nanu, Bambo, ndipo sindibisa. Chipatala chili mphindi makumi awiri kuchokera pakhomo pathu. Munasankha kufundika nsalu m'malo motiuza. Pepala lija ndinalipinda n'kulibisa pansi pa dilowa yomaliza, ndipo kuyambira pamenepo ndinagwira njakata. Kudinda tsambalo mmene linalili kunali kukuvulani pagulu. Kulikonza kunali kuzunguliza pensulo pa ntchito yomaliza ya manja anu, ine mwana wanu. Ndipo kaya ndichite chiti, pambuyo pake ndinayenera kuphwasula mizere imene zala zanu zinakhudza komaliza. Ndinangobwezerapo nsalu.

Chitereni ndakhala munthu wosakhazikika. Ndimadinda makhadi a ukwati ndi timapepala ta misonkhano ndi zilembo zina zija zazikulu, koma ndikamadutsa pa tebulo pali felemuyo ndimayenda cham'mbali ngati pagona galu wolusa. Ndasesa chipindacho kangati, ndasuntha makina, ndapenta khoma limene silinkafuna penti. Achimwene anatopa nane. Anati titengere masamba otsalawo kwa anthu a makompyuta, ntchito ya masiku awiri, nkhani ithe. A Zamitengo ndiwo anakana. Anati sangavale malaya amene dzanja lina ndi la nsalu ina.

Ndiye ankabwera Lachisanu lililonse, monga ankachitira inu muli moyo. Ankakhala pa kampando kanu, kucheza ndi achimwene za mvula ndi za mabuku, osatchula konse za buku lawo. Pochoka pokha ankasuzumira kumbuyo kuja n'kundifunsa kuti, “Kodi inki sinaume, mwana wanga?” Ine ndinkati sinaume, agogo. Iwo ankati chabwino, n'kunyamula chipewa. Akanandikalipira zikanandipepukira. Funso lofatsa limeneli ndalimva kwa zaka zisanu, ndipo Lachinayi lililonse chakudya sichinkandilowa.

Mwezi wathawu a Zamitengo anapunthwa pa sitepe ya pakhomo, sitepe imene akhala akuikwera zaka makumi atatu. Achimwene anawadzutsa, ndipo titawakhazika pansi anatiuza zimene anamva kuchipatala. Matenda a shuga awadya maso. Lakumanzere linazima kale, ndipo lakumanja adokotala akuti likafika nyengo yozizira ndi mwayi. Ananena izi akusisita bondo, ngati akukamba za munthu wina. Kenaka anatembenukira komwe kunali mawu anga n'kuti, “Usadandaule nazo. Zilembo za bambo ako zimaluma pepala, ndidzaziwerenga ndi zala.” Tsiku limenelo sanafunse za inki.

Ndinatenga pepala lija m'dilowa n'kupita nalo kwa Amayi. Ndinawapeza akusita. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka, misozi ili chuchuchu. Anati, “Iwe, ukuyesa ine sindinkadziwa? Mwezi wathunthu mabatani a malaya awo ndinkawamangira ndine. Anandilumbiritsa kuti ndisanene. Ankati amalize kaye buku la mnzawo, kuchipatala adzapita pambuyo.” Choncho tonse awiri takhala tikusunga chinsinsi chanu, aliyense m'chipinda chake, pamene nkhalamba ikuchita khungu pa kampando. Ndinawafunsa kuti nanga nditani. Anaimika simbi n'kundiyang'ana. “Ukanalakwitsa ndiwe chonchi, akanakusiya? Akanakutsina khutu. Pita ukatsine lawo.”

Ndiye ndakutsinani khutu, Bambo. Ndinatenga pensulo yanu yomwe, ndinazunguliza malo onse khumi. Ndinamasula felemu, ndinatembenuza zilembo zisanu ndi ziwiri zija, ndinachotsa mzere wobwereza, ndinalinganiza mipata, ndipo mlombwa ndinaubwezera dzina lake. Ntchito yonseyi inatha dzuwa lisanafike pamutu. Zaka zisanu chifukwa cha ntchito ya m'mawa umodzi! Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mukanakhalapo mwambi umenewu mukanaudinda ndi zilembo zazikulu n'kuupachika pamwamba pa tebulo langa. Pepala lokhala ndi zolakwa zanu lili ndi Amayi. Akuti limenelo ndi lawo, chifukwa ndi lokhalo limene likuonetsa kuti anakwatiwa ndi munthu.

Lachisanu lapitali ndinawapatsa a Zamitengo masamba anayiwo. Anapita nawo pakhomo pomwe pali kuwala, anawayandikiza kumphuno, n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa tsamba lachinayi analisisita n'kunena kuti, “Apa ndiye pali dzanja la mnzanga.” Sindinathe kukhala chete. Ndinawauza zonse, za nsalu, za pepala, za bodza langa. Kenaka anati iwo sakuona pamene dzanja lanu lathera ndi pamene langa layambira, ndipo popeza diso lawo ndi loipa, ndikafunse inu. Ndiye ndikufunsa. Kodi ndakuchitirani ulemu kapena ndakulakwirani? Munati ndisakhudze. Ndimayesa kudziuza kuti Lolemba lija mukanakonza nokha chimodzimodzi, koma mtima umavomera m'mawa, pofika masana wayambanso kukana.

Masambawo ndadinda onse, makope mazana awiri monga munapangana ndi mnzanu. Zilembo ndinazitsuka, ndipo ndinaphwasula mizere yanu ndi manja anga, chilembo chimodzichimodzi, ndikumva kulira kwake pogwera m'tizipinda. Ndinkaganiza kuti ndikatero ndiye kuti mwafanso kachiwiri. Koma dilowa itadzaza ndinaona kuti ndi zilembo zomwe zija, zikungodikira mawu. A Zamitengo anandibwereka masiku atatu a diso lawo kuti ndiyambe ndasanja kalata ino. Mawu onse amene ali pansi pa chithunzi chanuwa adindidwa ndi zilembo zimene munazigwira Loweruka lija. Ndiyenera kufupikitsa, chifukwa kachipinda ka “a” katsala pang'ono kuuma.

Amayi akukusowani, makamaka Lamulungu masana. Achimwene ndi alamu akukusowani, pamodzi ndi adzukulu anu awiri, amene wamng'onoyo simunamuone koma amagwira supuni ndi dzanja lamanzere. Mnzanu akukusowani. Kwatsala masamba makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, maulendo asanu ndi anayi osanja ndi kuphwasula, kuonjezapo kusoka ndi kuika chikuto, ndipo nyengo yozizira siili kutali. Sindikudziwa ngati ndilipeza diso lija likuonabe. Kudekha kumene munandiphunzitsa ndi liwiro limene ntchitoyi ikufuna zikukokana m'manja mwangamu, ndipo palibe wondigwira mkono.

Mawa m'mawa ndiphwasula kalata ino, ndipo zilembo zomwe zalemba dzina lanu zikalemba mitengo ya mnzanu. Ndikalakwitsa, khutu langa mukulidziwa.

Sitidzakuiwalani, Bambo, ngakhale tsiku limene inki yomaliza idzaume.

Ine Namanzere, m'malo mwa Amayi, achimwene, alamu ndi adzukulu anu.