Mlamu wanga akundidyera pa wogula woyamba

Aphungu,

Ndikulemba ndili ndi ukali. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundipirire ndikamazungulira.

Ndili ndi kashopu mumsika wa zamagetsi kuno ku Semarang, kamene anandisiyira malemu amuna anga. Ndimagulitsa makina a magemu olumikiza ku TV, a kampani ya Tarumo. Moyang'anizana nane pali mlamu wanga Gunadi, mng'ono wawo wa malemuwo, amene amagulitsa a kampani ya Zenka. Kale masana tinkadyera limodzi mpunga ndi tempe, ndiwo ya soya.

Zinthu zinaipa kutatsala pang'ono Idi, pamene Zenka inatsitsa mtengo wa makina ake. Tarumo inakana kutsitsa, akuti awo ndi apamwamba. Anthu amabwera kwanga, kugwiragwira bokosi, kufunsa mtengo, basi n'kuwolokera kwa Gunadi. Iye amakuwa ali pakhomo pake kuti, "Alamu, makina anuwo muziwafunditsa, angazizidwe pashelefupo!" Anzake n'kumafa ndi phwete.

Zimenezo ndikanapirira. Koma mukudziwa inunso kuti wogula woyamba wa m'mawa sabwezedwa. Umalandira mtengo umene watchula, ndalama yakeyo n'kuimenyetsa pa katundu yense kuti malonda a tsikulo ayende. Amayi anga ankatero, amuna anga ankateronso. Ndiye pali bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto, dzina lake Sugeng, amene wayamba kufika ndikangotsegula chitseko. Amaloza makina a Tarumo n'kutchula mtengo wosafika ngakhale pa umene ndinawodera. Ndikadandaula amati, "Mayi, mukufuna kupirikitsa mwayi wanu m'mawa uno? Chabwino ndikupita, koma madzulo musandinene." Poopa tsoka, ndimangomupatsa.

Sabata yatha ndinaona makina anga omwewo pashelefu ya Gunadi, kapepala kanga ka mtengo asanakamatule n'komwe. Akuwagulitsa motchipa kuposa ine mwini wake! Nditamufunsa anaseka n'kunena kuti, "Makampani akuluakulu akumenyana, alamu, nanga ife tizipemphererana? Mukatopa mundigulitse shopuyo, ndikulembani ntchito yosesa."

Yosesa, Aphungu! Munthu amene ndinkamuchapira malaya ali pasukulu!

Shopu ndi imene akufuna, ndipo ine ndilibe kwina kolowera. Ndaganiza zotsitsa mitengo yonse ifike pansi pa yake, adziwe kuti ndine mkazi wa mkulu wake. Koma ndikuopa. Nanga katundu akatha ndalama zowodera wina osakwana? Nanga ndikam'bweza Sugeng tsoka n'kundigwera? Nanga Tarumo ikadzatsitsa mawa, mabokosi odulawa ndidzatani nawo? Ndithandizeni ndisanachite zamisala.

R.W., Semarang

Mayi R.W.,

Nanenso ndakwiya nditawerenga. Munthu kugwiritsa ntchito mwambo wa amayi anu pofuna kukulandani shopu ya mkulu wake, n'zochititsa manyazi. Koma ukaliwo usakuikireni mitengo.

Musatsitse. Zenka ingathe kugulitsa makina moluza chifukwa aliyense wogula makinawo azigulabe magemu ake kwa zaka zambiri, ndipo phindu lake lili kumeneko. Inu mulibe thumba lotero. Mukaluza pa bokosi mwaluziratu, ndipo Gunadi akudikira zomwezo kuti shopu aitole ngati bango lakugwa m'madzi.

Za mwambo sindikuuzani kuti muusiye, chifukwa mungakhale tsiku lonse mtima uli m'mwamba. Koma taganizani: mwambowu umanena za wogula woyamba, sunena kuti agule makina. Pezani mnzanu wokhulupirika, kaya mayi wogulitsa khofi pakhomo la msika. Azibwera chitseko musanachikweze chonse, agule mabatire kapena kachingwe pa mtengo umene wafuna. Menyetsani ndalama yakeyo pa katundu yense monga mwa masiku onse. Mwayi wa tsikulo walowa, palibe chimene mwaphwanya.

Kenako lekani kumenyera nkhondo Tarumo, sakudziwani n'komwe. Musawodenso makina ambiri mpaka mitengo ikhazikike, ndipo mufunse kumene mumawodako ngati angakubwezereni kenakake Tarumo ikadzatsitsa. Ndalama yotsalayo ikani pa magemu, zogwirira m'manja ndi zingwe za makina a mitundu yonse iwiri. Yambitsaninso zosinthitsa magemu akale. Aliyense amene wagula Zenka kwa mlamu wanu mawa afuna gemu yatsopano, ndipo shopu yanu ndi imene aziiona akamatuluka.

Nkhani ya Gunadi ipititseni kwa akuluakulu a banja, modekha. Jambulani ndi foni makina aja ali ndi kapepala kanu, muwaonetse. Mawu a ntchito yosesa aja akawabwereze yekha pamaso pawo.

Chenjerani ndi pakamwa. Musakalalatirane naye mumsika, chifukwa ogula amathawa phokoso, ndipo musauze aliyense za mnzanu wa khofi, Sugeng angamve n'kulawirira kuposa iye. Sugeng akafika, mulonjereni bwino, mumuonetse mtengo wolembedwa pa bokosi. Akayamba za mwayi zija, mungomuuza kuti, "Pepani bambo, lero mwachedwa."