Khutu la atate ndi kababu kofiira

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko? Kuno tilipo, kungoti kutentha kwanyanya, ndipo madzi ku Kabwata akutuluka tsiku limene afuna okha. Mlongo wanga Esinati anachira bwino mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akayamba kulira Chelstone yonse imadziwa, ndiye musakayike, ndi wanu ndithu. Kamunda kanu ka kuseri kwa nyumba tinadzala chimanga, koma mvula inadula chili pa ngayaye, tinangopezamo chootcha.

Chimene ndakulemberani ndi nkhani ya atate, ndipo ndikulemba ndi manyazi. Mukukumbuka ku chipatala kuja munandigwira dzanja n'kunena kuti, “Lameki, galaja ndi yako tsopano, koma atate ako usawachotsepo. Mwamuna wopanda kopita m'mawa amakalamba pa sabata imodzi.” Ndinavomera msangamsanga poti ndinkaona ngati n'chapafupi. Amayi, ino ndi sabata yachitatu atate asanaponde pa galaja.

Ntchito yathu inasintha chichokereni inu. Maminibasi a ku siteshoni ya Intercity sabweranso kawirikawiri. Amene akutidyetsa ndi a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ogula magalimoto a ku Japan n'kuchotsamo kompyuta yobwera nayo, n'kuikamo ina yogula padera kuti galimoto izithamanga ngati ikuthawa apongozi. Ine ndimakhala ndi laputopu kusintha mafuta ndi taimingi, ndiyo nthawi imene mapulagi amayatsa moto. Vuto lake ndi ili: kompyuta yobwera ndi galimoto imamva yokha injini ikayamba kugogoda, n'kubweza moto m'mbuyo. Zogula zotchipazi zilibe khutu. Ukapititsa moto patsogolo kwambiri, petulo amaphulika molakwika n'kumamenya pisitoni. Kaphokoso kake n'kochepa, ngati timisomali m'chitini, koma ukakaphonya pisitoni imabooka.

Khutu lathu anali atate. Tinaphwanya nsonga ya paipi ya kopa n'kuimanga pa injini, tinalumikiza paipi yothirira dimba, n'kuifikitsa ku zotsekera makutu zija anabwera nazo amalume kuchokera ku migodi. Ine ndikuyendetsa, iwo ali pambali atavala zimenezo, maso ali chitsinzire. Akamva kugogoda ankangokweza chala, ine n'kuchotsa phazi. Inu munkawaseka kuti injini amaimva ili ku Intercity iwo ali ku Kabwata, koma mukawatuma makala makutu amatseka okha.

Tsopano atsekadi. Ndinadziwira pa galimoto ya a Chanda, bwana wina wa ku Kabulonga. Tinaiyesa pa Great East Road dzuwa lili pamutu, chala cha atate osakwera. Patapita masiku awiri inabwera pa chingwe, pisitoni yachitatu ili ndi bowo lolowa chala chachikulu. A Chanda anakalipa anthu akumva, ati makutu a atate anatha, asadzagwirenso galimoto yawo. “Iwe Lameki, ba mudala aba matu yanasila! Basagwile futi motoka yanga.” Atate anali pomwepo akupukuta manja, akuwamwetulira a Chanda, chifukwa sanamve chilichonse. Ndinalowa m'chimbudzi kukalira, bambo wamkulu ndevu pepeya.

Ndinayenera kuwauza atate zoona tsiku lomwelo. Sindinatero. M'malo mwake ndinakagula sensa yakale yomva kugogoda kwa injini kwa ophwasula magalimoto, ndinachotsa tizitsulo mu wailesi yakufa, n'kupanga kabokosi kanga. Kanandivuta mwezi wathunthu, poti poyamba kankadzidzimuka ndi phokoso lililonse, ngakhale la mavavu a mu injini. Kenako kanaphunzira. Kakamva kugogoda kamayatsa kababu kofiira, n'kuuza kompyuta ija kuti ibweze moto. Kababuko ndinkakabisa pansi pa chiwongolero, pafupi ndi bondo langa. Atate ndinapitiriza kuwakweza pambali ndi paipi yawo m'makutu, ndipo tikabwerako ndinkawayamikira kuti mwagwira ntchito. Ndinkadziuza kuti ndikusunga mawu anu.

Ndinaiwala kuti munthu amene wakhala m'magalimoto moyo wake wonse samva ndi makutu okha. Tsiku lina tikukwera chitunda cha kupitirira Chelstone, kababu kanaphethira, kabokosi kanabweza moto, galimoto inalefuka pang'ono chabe. Atate anatsegula maso.

“Imilila,” anatero. Ndinaima pambali pa msewu. “Nindani wabweza moto? Laputopu yako ni yovala.”

Laputopu inalidi yotseka. Anawerama, anaona mawaya, anawatsatira ndi chala mpaka pa kababu. Ndinawafotokozera mokuwa, poti tsopano kulankhula nawo n'kukuwa. Anangoti tibwererenso pa chitunda chija. Anakoka kababu n'kukaika poonekera, anavala zotsekera makutu n'kuzikanikiza ndi manja onse awiri. Ndinaponda. Kababu kanayaka, kanayakanso. Ndinaona khosi lawo litauma ndi kumvetsera. Titafika pamwamba anavula pang'onopang'ono n'kuzipinda pamiyendo.

“Ka nyali kako kakamba zoona. Ine sininamve.” Kenako anafunsa, “Unayamba liti?”

Ndinati miyezi iwiri yapitayo.

“Kanshi miyezi iwili nenze chabe pasinja.”

Sanakalipe, Amayi. Bola akanakalipa, monga ankachitira ndikataya sipanala ya nambala khumi. Anangondipempha kuti ndiwatsitse ku nyumba.

Chichokereni tsikulo ndimakaliza hutala pa geti lawo ku Kabwata m'mawa uliwonse. Ndimawapeza pansi pa mpeyala, wailesi ili pamwamba mpaka oyandikana nawo akudandaula, ndevu zosameta. Ovolosi yawo anaichapa okha n'kuiika pansi pa sutikesi. Ndayesa kuwanyengerera ndi giyabokosi yovuta, ndi kabureta ya galimoto yakale imene anyamata a masiku ano saidziwa. Amangogwedeza dzanja n'kunena kuti ndili nako ka nyali kanga. Lamba wawo aboola bowo lina. Esinati anawapititsira mwana kuti amuone, anamunyamula n'kumusekerera, koma mwana atalira anamuyang'ana pakamwa kuti adziwe ngati akulira kapena akuyasamula.

Kabokosi kaja sindinong'oneza nako bondo. Kapulumutsa mainjini angapo, ndipo a Chanda anabweranso, atenga ndi anzawo. Chimene chikundidya ndi kuwabisira. Atate akanatha kupirira kugontha, koma ine ndinawasandutsa mwana woseweretsedwa ndi chiwongolero cha waya, pa galaja imene anamanga okha ndi malata otola. Inu mukanawauza poyera tsiku loyamba, mwina mukuwaseka, iwo n'kukwiya masiku awiri n'kutha. Pakamwa panu paja tikupasowa.

Ndikuchita mantha, Amayi. Dzulo ndinawapeza akufunsa Esinati ngati malo a pambali panu ku manda akadali opanda munthu. Anafunsa ngati mmene munthu amafunsira mpando wa pa windo mu basi.

Ndiye ndikulonjeza ziwiri. Sindidzawanamizanso, ngakhale chowawa chitani. Ndipo mawa sindiliza hutala pa geti. Ndilowa, ndikhala pansi pa mpeyala, ndiwapepesa mokuwa kuti Kabwata yonse imve, ndipo galaja ikhala yotseka mpaka tikatsegule awiri. Akakana mawa, ndibwera mkuja. Inu kumeneko ndithandizeni mbali yanu. Mukawaona akuyandikira, muwabweze, muwauze kuti simunakonze malo.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Lameki