Chishango cha pa Chiliza cha Amayi

Lewisham, London
14 Okutobala 1994

Okondedwa achimwene Duncan,

Moni nonse kumeneko ku Pateley Bridge. Msana uja unasiya, kapena mukukakamirabe kunyamula nkhosa nokha? Nanga chifuwa cha abambo chili bwanji pamene kuzizira kwayambaku? Ine ndili bwino, kungoti denga la chipinda changa layambanso kudontha. Mwini nyumba akuti ndiike chidebe, munthu wa ku Yorkshire sangaope timvula ta ku London.

Ndalembera inu, osati abambo. Chonde kalatayi musaisiye pa tebulo la kukhitchini.

Mukukumbukira kuti titaika amayi, abambo anati chishango chija chopachikidwa pabalaza, cha mkango wofiira ndi chisoti chachitsulo, chisemedwe pa chiliza chawo. Abusa anayankha kuti m'manda a tchalitchi salola chizindikiro cha banja chopanda umboni. Ndiye abambo anatembenukira kwa ine, nati kuyunivesite anandituma kukatani ngati sindingawapezere agogo awo.

Ndafufuza miyezi itatu, Loweruka lililonse, kunyumba yosungira zolembedwa zakale. Achimwene, msilikali wapakavalo uja, amene abambo amati anawoloka nyanja ndi Anomani, ankhondo a ku France amene anagonjetsa England kalekale, n'kutisiyira dzina la Addyman, sindinamupeze. Sindinapezenso wa dzina lathu amene anapatsidwa chishango. Nditauza Mayi Pemberton, amene amandithandiza kumeneko, kuti abambo anachigula kwa wamalonda wa mu tenti pa chionetsero cha zaulimi mu 1971, anaseka pang'ono. Anati amalonda amenewo angapatse mkango ngakhale galu wathu, bola akhale ndi dzina. Ine sindinaseke.

Chimene ndapeza n'china. Addy chinali chidule cha dzina lakuti Adamu, monga timafupikitsira mayina masiku ano, ndipo mbali yotsirizayo, ya man, inkatanthauza wantchito. Dzina lathu ndiye kuti wantchito wa Adamu. Linayamba nthawi imene anthu wamba analibe mayina a banja, munthu akudziwika ndi mwini munda amene ankamugwirira ntchito, mpaka dzinalo linamatirira kwa ana ake.

Pa chikopa cha nkhosa cha zaka za m'ma 1300, pamene ankalemba milandu ya m'chigwa chathu, pali William, wantchito wa Addy. Nkhosa za abwana ake zinadutsa pamene mpanda wamiyala unagumuka, zinadya mbewu za eni, ndipo bwalo linamulamula kuti aumangenso tsiku la Mikaeli Woyera lisanafike. Zatha pomwepo, mizere itatu. Chilatini changa n'chadzimbiri, choncho ndinawerenga kanayi, kenako ndinapempha Mayi Pemberton kuti aone ngati ndalakwitsa. Ndinkafuna ndithu kuti ndikhale nditalakwitsa. Sindinganene motsimikiza kuti William ameneyu ndi wa magazi athu, koma tanthauzo la dzinalo silikusintha.

Inu mukudziwa kuposa ine chimene chishangocho chili kwa abambo. Zaka makumi anayi ndi chimodzi akumanga mipanda yamiyala pa malo a eni, akuvula chipewa galimoto ya abwana ikamadutsa, ndipo chigulireni chishangocho madzulo ankachiloza n'kutiuza kuti ife tinachita kugwa, sitinabadwire pansi. Ngakhale a Raistrick akamawaseka kumowa, kuwafunsa kuti bwana wachisoti kavalo wamusiya kuti lero, iwo ankayankha kuti ali kumene a Raistrick anasiya mano awo. Tsopano ndikawauze kuti tinali pansipo kuyambira kale, miyezi isanu chabe chimwalirire amayi?

Lamlungu nditawaimbira foni anandifunsa ngati ndam'peza mkulu uja. Ndinawanamiza. Ndinati zikopazo zinaonongeka ndi chinyezi, ndikufunika nthawi. Anati ndisadandaule, ine ndakhala wochedwa kuyambira tsiku lobadwa. Kenako anandiuza kuti alamula kale a Thackray, mmisiri wosema miyala uja, kuti ayambe pa 1 Novembala. Akuti abusawo ndi mwana, akaona mwala utasemedwa adzagonja okha. Sadzagonja, achimwene. Adzaukana mwalawo, mudzi wonse udzadziwa chifukwa chake, ndipo abambo adzazimva kwa a Raistrick. Madzi akatayika saoleka, nanji mwala ukasemedwa.

Mwina ndikanangokhala chete. Ndadzifunsa ngati ndikuteteza amayi kapena maphunziro angawa. Koma ndimakumbukira kuti amayiwo kuseri kwa chishangocho n'kumene ankasomekako pepala la nthawi za basi, ndipo ankati mkangowo ukuoneka ngati wadya zowawasa. Sindikhulupirira kuti angafune kugona pansi pake.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa a Thackray sabata ino, muwauze kuti aseme dzina la amayi ndi zaka zawo zokha, pamwamba pasakhudzidwe mpaka nditafika. Abambo musawauze kanthu. Ndikwera sitima Lachisanu pa 28, ndipo Loweruka ndidzawauza ndekha. Inu mudzangokhala pambali panga, chifukwa ndikadzayamba kuzungulira, monga ndichitira, mudzandiponde phazi.

Ndajambulitsa mizere itatu ija. Sindikudziwa ngati adzaiponya pamoto kapena adzafunsa kuti mpandawo unali mbali iti ya chigwa. Pali masiku amene ndimaganiza kuti adzafunsa, popeza palibe mpanda m'chigwamo umene manja awo sanaugwire.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Judith, kwa ana, ndi kwa azakhali a Maureen, amene asamve nkhaniyi, apo ayi ifika kumowa ine ndisanakwere sitima. Abambo akafunsa, muwauze kuti munthu wathu ndam'peza, dzina lake ndi William, ndipo ndikubwera naye. Limenelo si bodza.

Tsalani bwino,
ndine mlongo wanu,
Hilary