Mutu wa Nkhuku Unaloza Ine

Taipei, Januwale 1983

Okondedwa achimwene a Wen-hsiung,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga chifuwa cha bambo chija chinaleka? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sukukhazikika.

Ntchito yandithera. Paphwando lotsekera chaka, mbale ya nkhuku itafika, abwana a Liao anaitembenuza mpaka mutu unaloza ine, ndipo mukudziwa kuti wolozedwa chotere sabwereranso pantchito. Mnzanga A-kiau anandinong'oneza kuti ndidye ntchafu zonse ziwiri, poti amenewo ndiwo malipiro anga otsiriza. Ndinaseka, koma ntchafuzo sindinazikhudze.

Abwanawo sindikuwada. Malonda awalowa pansi chifukwa makompyuta timapangawa aliyense wayamba kupanga, ngakhale wosoka nsapato wa pakhomo pathu. Achimwene, chinthuchi n'choopsa dzina lokha. Mukachitsegula mupeza kathabwa kamodzi kobiriwira ndi tizidutswa takuda ta miyendo ngati bongololo, tonse togulitsidwa pamsika wa pansi pa mlatho monga anyezi. Waya aliyense mumamutsata ndi chala kuchokera pomwe wayambira mpaka pomwe wathera. Galasi loonerapo chilibe, timangochilumikiza ku wailesi yakanema. Mawailesi mumakonza kumudziwo ndi ovuta kuposa pamenepa.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani ndi chitsulo chanu chowotcherera mawaya chija, tizipanga athu patebulo la m'chipinda changa. Kogula ndikukudziwa, poika kachidutswa kalikonse ndikupadziwa, koma kompyuta ikakana kuyaka ndimasowa pogwira. Inu matenda a waya mumawamva ndi fungo lomwe.

Musandiyankhe kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. A-kiau akuti makina atsopano akubwera ndi tizidutswa tomwe munthu wamba sangagule, ndiye khomoli silikhala lotsegula mpaka kale. Ndiponso mayi ananena poyera kuti ntchito ikadzangotha, adzandikwatitsa kwa mwana wa a Tseng woweta nkhumba uja. Ndikuopa, achimwene. Munthu ameneyu sindimufuna.

Ndikudikirani mpaka Chaka Chatsopano chathu cha Chitchaina, mwezi wamawa. Mukapanda kubwera, ndibwera ndine, ndipo mudzawauze nokha mayi kuti ayambe kusoka diresi lofiira laukwati.

Mundiperekere moni kwa bambo ndi mayi, kwa alamu anga ndi ana, komanso kwa azakhali a ku Chaozhou. Za nkhukuzi musawauze kaye.

Tsalani bwino. Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,

Hsiu-chin