Manifodi ya Bambo Yapuma

Gardena, California
14 Meyi 1967

Okondedwa achimwene Ruben,

Ndikhulupirira kuti mvula ya ku Vietnam imene munkadandaula ija yayamba kuleka. Kuno tonse tilipo.

Ndiyambe ndi nkhani imene mungamve kwa ena: galimoto yanu yofiira ija ndinaitulutsa. Musakwiye msanga, mumve kaye.

Mukudziwa mmene Bambo amanyozera galimoto zatsopano za ku Detroit, amati injini zake ndi zazikulu ngati ng'ombe koma zimapuma ngati munthu wachimfine. Ndiye chichokereni inu akhala akusema chikombole cha manifodi yatsopano, chitsulo chija chogawira mpweya ndi petulo mu injini. A Morishige, mnzawo wakale uja, amabwera masana alionse kudzakangana nawo. Iwowo ndi amene anandiuza zimene Bambo sanatiuzepo. Akuti ali anyamata kunalibe sitolo yogulitsa zida za liwiro, ndipo wofuna kuthamanga pa nyanja youma ya ku chipululu ankadzipangira yekha. Awiriwa ankasungunula mapoto a agogo kuseri kwa nyumba, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha n'kuyamba kutola zidutswa za ndege. Tangoganizani, zida zimene anthu akuitanitsa lero kuchokera ku Ohio zinayambira m'mphika wa nyemba!

Manifodi itatuluka m'chikombole cha mchenga, Bambo anakhala masiku akuisalaza m'kati, akungopapasa ndi zala. Titaimanga pa galimoto yanu, vuto linali woyendetsa.

"Iwe Eusebio, uyendetsa ndiwe?" anatero a Morishige. "Si dzulo lomweli unapereka moni kwa pampu ya petulo?"

"Inandiyankha mwaulemu kuposa iwe," anatero Bambo. Kenako anatembenukira kumene ndinali. "Ayendetsa Lola."

Loweruka titafika ku bwalo la mpikisano wa galimoto, anyamata ena anakuwa kuti, "Asisi, mwasochera, kumsika ndi uko!" Koma nyali yobiriwira itayaka, galimoto inandikankhira pampando mpaka ndinaiwala kupuma. Woyamba kupikisana nane, mmodzi wa okuwa aja, ndinamusiya akumeza utsi. Wachiwiri chimodzimodzi. Womaliza anandiposa pang'ono chabe, chifukwa cha ine, osati chitsulo.

Nditabwerera ndinapeza Bambo ataima pa mpanda, atafulatira msewu, khutu atalozetsa kumene kunkachokera phokoso.

"Giya yachitatu unachedwa nayo," anatero. Kenako anandigwira mapewa onse awiri. "Koma yapuma, mwanawe! Waimva mmene yapumira?"

Anthu anaunjikana pa injini, aliyense akufuna yake, ngakhale anyamata achipongwe aja. Bambo ankangomwetulira n'kumagwira chanza aliyense, nthawi zina dzanja lawo n'kuphonya. Ine sindinaonepo munthu wamkulu chonchi atavala ovolosi yong'ambika.

Amayi akupereka moni, akuti masokosi atumiza mawa. A Morishige akuti mubwere mudzaphunzire kuyendetsa kwa mlongo wanu. Makalata a Bambo muzingolemba monga kale, ndimawawerengera ndine, amati mawu anga amawasangalatsa. Chithunzi munatumiza chija anachigwira nthawi yaitali pafupi ndi zenera, kenako anandifunsa ngati mwanenepa. Ndinati eya.

Akakupatsani tchuthi musachisunge, achimwene. Bwerani nthawi yomweyo.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Lola